Sikopu ya Mfuti pa Uta Wothawa Phewa

Sukulu ndinailekezera Folomu 2, koma kuwerenga sindinaleke, ndipo mavuto ambiri a moyo wanga agona pakati pa zinthu ziwirizi. Munthu amene anapita patali ndi sukulu amadziwa pamene nzeru zake zathera. Ine malire anga sindinkawadziwa. M'zaka zija, kwathu kutangoyamba kumene za zipani zambiri, ndinkagwira ntchito yosesa m'masitima a ku London, a njanji yotchedwa District line. Anthu a ku London amasiya mabuku pamipando ngati mmene ife timasiyira makoko a nzimbe m'basi. Lamulo linali lakuti chotola chilichonse tizikapereka ku ofesi, ndipo ndinkaperekadi, koma nditachiwerenga kaye. Motero ndinkadziwa pang'ono za njuchi, pang'ono za nkhondo za Aroma, ndi theka la matenda a akavalo, chifukwa mwini buku limenelo anabwera kudzalifunsa ndili pakati.

Kutchalitchi kwathu ku Barking, m'holo imene tinkabwereka Lamulungu m'mawa, kunali anyamata a madigiri ochokera m'mayunivesite a mumzindawu. Ndikayamba kufotokoza zimene ndawerenga, iwo ankandimvera ndi nkhope ya munthu amene akudikira basi. Wondimvera ndi makutu onse awiri anali mmodzi yekha, bambo wina wachikulire wa ku Zambia, wa chigawo cha kummawa. Sitinali pachibale, koma kunja kuno aliyense wa imvi amene akulankhula chinenero chako ndi ankolo, ndipo akazi ake ndi anti. Iwo ankanditchula kuti aprofesa. Poyamba ndinkayesa chipongwe. Kenako ndinazolowera, ndipo pamapeto pake ndinayamba kuvomera msanga kuposa dzina langa lenileni.

Ankolo anagwira ntchito ya usikauti wa nyama kuchigwa cha Luangwa zaka zoposa makumi awiri. Njovu ikazolowera minda ya anthu, kapena ng'ona ikayamba kudikirira amayi padooko, wotumidwa ndi mfuti anali iwowo. Ku London anabwera potsatira anti, amene anali nesi pachipatala chachikulu cha ku Romford. "Ine nine katundu wa amayi," ankatero. "Ananilemba pa pepala limodzi na masutikesi." Ntchito imene anaipeza inali yowolotsa ana asukulu pamsewu, m'mawa ndi masana, atavala chikhoti chowala, m'manja muli ndodo ya chikwangwani chozungulira. Ena ankawamvera chisoni kuti munthu woimitsa njovu wafika poimitsa mabasi. Iwo sankaona choncho. Ankati ntchito ndi imodzimodzi, kuima pakati pa chinthu chachikulu ndi anthu ang'onoang'ono, n'kuchiona chisanafike.

Ndiye dokotala wa maso atawauza kuti diso lamanzere layamba ng'ala, mtima wawo sunakhalenso pansi. Dokotalayo ananena momveka kuti ng'alayo idakali yaing'ono, diso lamanja lili bwinobwino, ntchito apitirize. Anti anabwereza zomwezo mpaka malovu kuuma m'kamwa. Ankolo sanamve.

"Ananiwerengetsa zilembo pa chipupa," anandiuza. "Zilembo ningaziloweze pamtima. Dokotala angakumvere chifundo, mkazi wako angakumvere chifundo. Chipolopolo chilibe chifundo. Kumene chapita ni kumene diso lako lili. Nikaona kuti diso layamba kunama, nisiya nchito tsiku lomwelo. Aja ni ana a eni ake, aprofesa."

Mfuti sakanaipeza. Mapepala ake kuno ndi ochuluka, ndipo anti anali atalumbira kale kuti m'nyumba mwawo simulowa chinthu cholira. Koma kuseri kwa Romford, kumene nyumba zimayamba kutalikirana ndipo basi imatsala ndi anthu atatu, kunali kalabu ya anthu oponya mivi Lamulungu masana. Uta wamba phewa lawo silikanautha, mfuti zikuluzikulu zinali zitalimaliza kalekale. Choncho anagula kwa munthu wina wa pakalabupo uta umene Angerezi amautcha kirosibo. Ndi uta waufupi, wolimba kwambiri, wogonekedwa chopingasa kutsogolo kwa thabwa longa la mfuti. Umaponda chitsulo cha kumphuno kwake, umakoka chingwe ndi manja awiri mpaka chikodwe pa kambedza, umaikapo muvi waufupi, kenako umauika paphewa n'kukoka chala ngati mfuti basi. Kusaka nawo nyama n'koletsedwa kuno, ndi wa chandamale chokha, ndipo chimene ankolo ankafuna chinali chomwecho.

Loweruka lina masana anandiitanira kufulati kwawo. Anti anatiikira tiyi n'kupita kukasita mayunifolomu kuchipinda chinacho, chitseko atachisiya chotsegula kuti asaphonye nkhani. Ankolo anatulutsa m'kabati sokosi yaitali yaubweya, ndipo m'sokosimo anasolola sikopu. Ndi chitoliro chachitsulo chokhala ndi magalasi mbali zonse ziwiri, chimene amamangirira pamwamba pa mfuti. Ukasuzumiramo chinthu chakutali chimabwera pafupi, ndipo pakati pamaoneka kamtanda ka tiwaya tiwiri, kosonyeza pamene chipolopolo chikalowe. Yawoyo utoto wakuda unali utasuluka m'mbali mpaka chitsulo kuoneka. Anawasiyira ndi mlenje wina wachizungu amene iwo anamuperekeza m'tchire zaka zambiri. Mfuti anabweza kuboma popuma ntchito, yunifolomu inadyedwa ndi njenjete, zithunzi zinatsala kwa abale. Chimene chinawoloka nawo nyanja chinali chimenechi.

"Iyi sinaninamizepo," anatero, akuipukuta ndi m'mphepete mwa malaya. "Manje niuzeni, aprofesa. Mabuku akamba bwanji? Ingapirire pa uta uyu, kapena niisiye mu sokosi?"

Funso linali labwino, ndipo yankho loona linali lalifupi: sindikudziwa. Ndinapempha pensulo. Kumbuyo kwa envulopu yakale ndinajambula mfuti, ndinajambula uta, ndi timizere tosonyeza mphamvu, monga ndinaonera m'buku la sayansi limene munthu wina anaiwala m'sitima pakati pa siteshoni ya Upney ndi ya Becontree. Ndinafunsa kuti mfuti ya njovu imamenya bwanji paphewa. Anati ngati ng'ombe. Nanga uta? Anati ngati kamwana ka mbuzi.

"Ndiye nkhani yatha, ankolo," ndinatero. "Munthu amene wasenza thumba la chimanga zaka makumi awiri angathyoke khosi ndi mtolo wa udzu?"

"Mwamva, amayi?" anafuula ankolo. "Sayansi!"

"Namva," anti anayankha ali kuchipinda. "Tiyi azizira."

Mawa lake titaweruka kutchalitchi tinakwera basi, uta uli m'chikwama chachikulu chimene anthu ankayesa cha gitala. Bwalo lake linali la udzu wometedwa bwino, ndipo kumapeto kwake kunali mipukutu ya udzu wouma wopanikiza, yoimikidwa pamzere, pamene ankamatapo mapepala a chandamale. A kirosibo ankawaika pakona penipeni, chifukwa mivi yawo imaboola udzu msanga ndipo a uta wamba ankawayang'ana ngati mmene oimba kwaya amayang'anira munthu wobwera ndi wailesi. Pakonapo tinapezapo mayi mmodzi wachingerezi, wokalamba, amene ankaponya atakhala pampando chifukwa cha chiuno. Anaonerera ankolo akumanga sikopu ndi masikuluwu, mutu ataupendeketsa.

"Yokongola bwanji, yachikale," anatero m'Chingerezi. "Ndi ya mfuti, eti? Mwatsimikiza kuti mukufuna kuiika pamenepo?"

Ankolo anandiloza ndi chibwano. Ine ndinakonza pakhosi n'kufotokoza za thumba la chimanga ndi mtolo wa udzu, m'Chingerezi changa cha m'mabuku, cha mawu aatali kuposa mwendo wanga. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, anati, "Chabwino, mukudziwa ndinu," n'kutsegula fulasiki yake. Nthawi imeneyo ndinali ndisanaphunzire kuti Mngerezi akatero ndiye kuti wakuuza kuti ukulakwitsa, ndipo sabwerezanso.

Masabata atatu oyamba sayansi yanga inaoneka ngati yoona. Pasikopu pamakhala tizitsulo tiwiri tozungulira, kena kokweza ndi kutsitsa kamtanda, kena kokapititsa kumanja kapena kumanzere, ndipo ukapotoza timalira ke, ke. Ankolo ankaponya, n'kuyang'ana, n'kupotoza, milomo ikuwerenga. Pofika muvi wachisanu ndi chimodzi anali atapeza pakati. Kuchokera pamenepo, pa mayadi makumi atatu, mivi yawo inkathithikana pamalo oti ungavundikire ndi kapu, mpaka mayi uja anawalangiza kuti azisintha poloza, kuopa kuthyola mivi yawo yomwe. Munthu anasintha kayendedwe. Anayambanso kuimba mluzu. Lamulungu lachitatu, nthawi ya zolengeza, anaimirira pamaso pa mpingo wonse, anyamata a madigiri ali pomwepo, nanena kuti m'holo muno mapepala ndi ambiri koma wophunzira ndi mmodzi, uyu wosesa masitima. Ine ndinayang'ana nsapato zanga modzichepetsa, mtima uli kuvina beni.

Sabata yachinayi muvi umodzi unapita pamwamba. Anati ndi mphepo. Sabata yachisanu kunalibe mphepo, masamba a mitengo anali duu, koma muvi wina unapita kumanja, wina pansi, wachitatu unaphonya pepala lonse. Anapotoza kachitsulo kanayi, palibe chinasintha. Anawonjezera kawiri, muvi n'kudumpha chikhatho chathunthu. Anayesa masikuluwu, anali olimba. Anasintha mivi. Kenako anaima n'kupukuta diso ndi chala chachikulu, ndipo ndinaona kuti akupukuta lamanja, labwino lija.

Pobwerera, basi inadutsa pamsika wa Romford, pamene panali pa mbee chifukwa linali Lamulungu.

"Lamanja nalo layamba," anatero ankolo, akuyang'ana pawindo.

Ndinati mwina ndi kutopa. Sikopu sindinaikayikire ngakhale pang'ono. Ndikanaikayikira bwanji, poti chikalata chake ndinasaina ndine?

Lachiwiri lotsatira ndinatola pansi pa mpando magazini ya anthu a mfuti za mpweya, yopondedwa ndi nsapato yamatope. Ndinaiwerenga nthawi ya tiyi, ndipo tiyiyo sindinamumalize. Munali nkhani ya masikopu ofa msanga. Vuto silinali kukula kwa mphamvu, koma kumene mphamvuyo ikulowera. Mfuti ikalira imakankha kumbuyo, ndipo opanga masikopu a mfuti amatsamiritsa magalasi ndi tizitsulo ta m'kati kuti tipirire kukankha kwa mbali imeneyo. Kirosibo ndi wosiyana. Mikono ya uta imathamangira kutsogolo, chingwe n'kuiimitsa mwadzidzidzi, ndipo thabwa lonse limathawa phewa likunjenjemera. Kumenya kwake n'kochepa, koma kumabwera mbali imene kulibe chotsamira. Masikopu ena amapirira, makamaka opangidwira mfuti za sipuling'i, zimene zimagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Koma ambiri a mfuti wamba, makamaka akale, amayamba kukhwefuka m'kati pang'onopang'ono, kamtanda n'kumayendayenda mwiniwake osadziwa.

Popita kunyumba ndinaima m'sitima nditatsamira khoma la kumbuyo, monga ndinkachitira masiku onse. Sitima ponyamuka, khomalo linandigwira bwinobwino. Pofika pa Barking inamanga mabuleki, ndipo ndinakagwera bambo wina wa nyuzipepala, amene anandipepesa ngati walakwa ndiye. Zaka zinayi ndili m'masitima, miyendo yanga inkadziwa chimene mutu wanga unaphonya.

Apa ndi pamene ndimachita manyazi mpaka lero. Kulakwitsa sayansi si tchimo. Koma nkhaniyi ndinakhala nayo pafupifupi masabata awiri. Ndinkadziuza kuti ndi ulemu, kuti kwathu mwana sapita kwa wamkulu n'kumuuza pamaso kuti chuma chanu chija ndakuwonongerani. Amayamba wazungulira, amatuma munthu. Zimenezo n'zoona ndithu. Koma pansi pa ulemuwo panabisala mawu aja a kutchalitchi, amene sindinkafuna kuwabweza.

Kuzungulira ndinazungulira. Lamulungu lotsatira ndinafunsa ngati sikopu nayo siyingafune kupuma kaye.

"Chitsulo sichilema," anatero ankolo. "Amalema ni munthu."

Ndinawafotokozera nkhani yaitali ya sikelo ya pamsika wa kwathu, imene inkanama mpaka alimi n'kumaganiza kuti mtedza wawo wapepuka. Ndinaikometsera, ndinaibwereza pakati, ndinawayang'ana m'maso pamalo ofunika. Iwo anati amalonda ndi akuba kulikonse, n'kukoka chingwe. Tsiku limenelo anaponya mivi isanu ndi inayi, ine ndili pambali pawo. Uta ukalira ndinkatsinzina. Atatha anakhala pa udzu wonyowa, zimene sanachitepo, ndipo anatenga nthawi kuti adzuke.

Lachinayi ndinakadikira anti pageti la chipatala poweruka. Anandimvera tili pamalo okwerera basi, chikwama chili paphewa, mapazi atatupa m'nsapato zoyera.

"Ndiye mufuna ine nikhale nkhoswe ya mabuku anu?" anatero.

"Inu mumadziwa powayambira, anti."

"Miyezi itatu nikuwauza kuti maso ali bwino. Nikawauza izi azati nikuwanyengerera monga odwala anga. Anamva inu poika, azamva inu pochotsa. Bwerani mawa."

Ndinati mawa ndibwera. Mawa lakelo ndinapempha ovataimu.

Loweruka m'mawa anaimba okha ankolo, pafoni ya m'khonde ya nyumba imene ndinkachita lendi. Anati ndibwere ndi cholembera chabwino. Nditafika ndinapeza patebulo pali mapepala abuluu olembapo makalata, envulopu yomata kale sitampa, ndipo pampando panali chikhoti chowala chija, chochapidwa, chopindidwa bwino m'pulasitiki.

"Chingerezi chanu ni chabwino," anatero. "Lembani kuti nasiya."

Anati dzulo lake munthu wa njinga anatulukira kumanzere ndipo anamuona mochedwa. Panalibe mwana pamsewu, palibe chinachitika. "Koma mivi inaniuza kale. Ine ninali kukana chabe."

Ndinalemba adiresi. Ndinalemba tsiku. Ndinalemba "Dear Sir," mwaluso ndithu, ndi mchira wokongola pa chilembo chomaliza. Cholembera chinaima pamenepo. Anti anali ataima pakhomo la khitchini, manja atapinda pachifuwa, akundiyang'ana ngati wodwala amene wabisa mapiritsi kunsi kwa lilime.

Ndinatsika pampando n'kugwada pakapeti.

"Ankolo, si maso anu. Ndi sikopu. Ndaipha ndine."

Ndinafotokoza zonse, popanda pensulo. Za kukankha kumbuyo ndi kuthawa kutsogolo, za tizitsulo ta m'kati, za magazini yamatope.

"Mbidzi na njati," anatero ankolo pamapeto, ngati akulankhula okha. "Mbidzi imenya na kumbuyo, njati na kutsogolo. Ukaima kolakwika..." Sanamalize. Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Unadziwa liti?"

Aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe.

"Masabata awiri apitawo."

"Masabata awiri. Ine niima pa mseu mtima uli m'mwamba, niwerenga ana kawiri kawiri. Nikafika kunyumba nitseka diso ili, nitsegula ili, monga wofuntha. Iwe uli na yankho mu thumba."

"Ndinkaopa, ankolo."

"Kuopa ine? Nili na nyanga?"

"Munanditama pamaso pa anthu."

Anti anaseka kamodzi, ndi mphuno. Ankolo sanaseke. Anadzuka, anakatenga uta, anamasula masikuluwu n'kuchotsa sikopu. Anaigwedeza pafupi ndi khutu lamanja, kenako lamanzere, koma makutu awo mfuti zinali zitawagonthetsa kale. Anaipereka kwa ine. Nanenso sindinamve kanthu. Apo anti anatsegula chikwama chawo cha kuntchito, anatulutsa chomvera pachifuwa chija cha manesi, anachiika m'makutu, n'kukhazika kambale kake pachitoliro.

"Pendeketsani, abambo. Pang'onopang'ono. Bwezani. Bwerezani."

Nkhope yawo inasanduka ya kuwodi.

"Wodwala uyu ali na kanthu kokhwefuka mu chifuwa," anatero. "Kagogoda."

Anachotsa m'makutu mwawo n'kuika m'makutu mwa amuna awo. Ankolo anapendeketsa, anabweza, kanayi kapena kasanu. Kenako anakhala pansi, sikopu ili pamiyendo, ataigwira ngati mmene munthu amagwirira nkhunda yothyoka phiko.

"Zaka makumi awiri njovu sizinaikwanitse," anatero. "Yakwanitsidwa na pensulo."

Ndinatambasula dzanja kuti nding'ambe kalata ija. Iwo anaikapo chikhatho.

"Siya. Sikopu idwala, namva. Sizitanthauza kuti ine nili bwino. Tingadwale tonse awiri. Khala pa mpando, maliza kulemba."

Ndinamaliza. Anasaina, anamata envulopu ndi lilime, n'kuiika m'thumba la jekete la kutchalitchi. Anati pamalo otsikira basi pafupi ndi kalabu paja pali bokosi lofiira la makalata, ndipo mawa pobwerera adzadziwa chochita nayo.

Lamulungu limenelo kunali kamvula kowaza. Anti anabwera nafe kwa nthawi yoyamba, ndi ambulera yamaluwa ndi nsapato zosayenera udzu. Ntchito yopempha uta kwa mayi wachingerezi uja ankolo anaipereka kwa ine. Ndinagwadanso, ulendo uno chifukwa iye anali pampando, ndipo ndinanena zonse m'mawu afupiafupi. Anati ankakayikira kuyambira tsiku loyamba, ndipo akupepesa kuti sananene molimba. Ulemu wawo ndi ulemu wathu zinakumana pabwalo paja, ndipo pakati pake panafera sikopu. Anatibwereka uta wake, wopepuka, wokhala ndi kasikopu kakang'ono, konyansa, kopangidwira ntchito imeneyo.

Ankolo anaponda chitsulo, anakoka chingwe, anaika muvi. Anayang'ana m'kasikopumo nthawi yaitali, mpaka madontho a mvula anayamba kuyenda pathabwa. Uta unalira. Anakokanso osayang'ana kumene muvi wapita. Kachiwiri. Kachitatu. Kenako anaupereka kwa mwini wake ndi manja awiri, n'kutembenuka kuyang'ana kumitengo.

Pakalabu paja lamulo ndi lakuti palibe wodutsa mzere mpaka onse atamaliza ndipo wezulo walira. Tsiku limenelo kunali bambo wina wa uta wamba amene ankakweza uta, n'kutsitsa, n'kukonza chipewa, n'kukwezanso. Anti ananong'ona mawu ena amene sindinkadziwa kuti nesi wa kwaya angawadziwe. Wezulo analira.

"Pita iwe," anatero ankolo. "Ukambe zimene waona, osati zimene unawerenga."

Mayadi makumi atatu si mtunda, koma ndinafika ndili wefuwefu. Mivi yonse itatu inali kunja kwa pakati, pansi chakumanzere.

"Yaphonya pakati!" ndinafuula, poti ngakhale pa tsiku ngati limenelo ndinayenera kuyambira kolakwika. "Ili kumanzere, pansi!"

"Sikopu ni ya diso la mwini wake, mbuli iwe! Nafunsa kuti ili pamodzi?"

Ndinaika chikhatho. Chinavundikira yonse itatu, malo n'kutsala.

"Ili pamodzi, ankolo! Chikhatho chimodzi!"

Anabwera okha, mosafulumira, anti akuwatsatira ndi ambulera, zidendene zikumira m'udzu. Anachotsa dzanja langa n'kuyeza ndi lawo. Zala zitatu. Anazula mivi, anaipukuta pabuluku, anabwerera kumzere n'kupempha uta uja kachiwiri. Anaponya ina isanu ndi umodzi. Inakagwera pomwe paja, pansi chakumanzere, yothithikana. Mayi uja anathira tiyi m'chivundikiro cha fulasiki n'kupatsa anti, ndipo anti anamwa chilili, mvula ikugwera momwemo.

Pamalo okwerera basi ankolo anatulutsa envulopu ija. Anaiyang'ana, anayang'ana bokosi lofiira, kenako anaipereka kwa anti.

"Sungani. Tsiku lake lizafika, koma si lero."

M'basi ankolo anakhala pafupi nane, koma sanandiyang'ane.

"Mwezi wathunthu," anatero, "usaniuze chilichonse chimene wawerenga."

Ndinavomera. Ndinapirira masiku asanu ndi anayi.

Sikopu tinakaionetsa kwa mkulu wina wokonza makamera ku Woolwich, titawoloka mtsinje pa feri. Anaitsegula, anatiwonetsa kamphete kosweka kochepa ngati ka pachala cha khanda, nanena kuti zoterozo anasiya kupanga kalekale. Ankolo anathokoza, anaikulunga, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaitchulenso pamaso panga. Sindinganene kuti anandikhululukira zonse. Tinkacheza, tinkaseka, koma pali kabati ina m'nyumba muja imene sinatsegulidwenso ine ndilipo.

Lolemba la pambuyo pa mivi ija ndinachedwa kuntchito dala. Ndinatsika basi patali n'kuima kuseri kwa shopu ya nyuzipepala. Ankolo anali pamalo pawo owolotsera ana, mizere ya popinda paja ikuonekabe pachikhoti. Lole ya simenti inkabwera mothamanga kuchokera kumanzere. Anaiona idakali kutali, anatuluka pakati pa msewu, anakweza ndodo, ndipo chilolecho chinaima chikupumira. Ana anawoloka ndi zikwama zawo, akukangana za mpira. Ndinakweza dzanja. Sanandione, kapena anandiona koma sanafune kuchotsa diso pamsewu. Sindinawafunse.